Kuchotsa Mwana Sukulu Si Mankhwala a Chamba

Pali mawu amene amatuluka msanga pakamwa pa aphunzitsi, a makomiti a sukulu, ngakhalenso akuluakulu ena a m'mizikiti ya kuno ku Nsanama, munthu akangoyambitsa nkhani ya mankhwala ozunguza bongo pakati pa ophunzira. Amati zimenezo n'za ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kuno ana athu ndi a pa madrasa. Mawuwa ndi okoma kumva, koma ndi abodza, ndipo ambiri mwa owanenawo akudziwa kuti ndi abodza. Ndi anthu omwewo amene tsiku lina amasonkhana mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu kugwirizana zochotsa mnyamata amene wapezeka ndi kampukutu ka chamba m'thumba la buluku. Ngati vutoli kuno kulibe, nanga akuchotsedwayo ndi mwana wa yani?

Nsanama sali pa chilumba. Msewu wa tala wochokera ku Liwonde umadutsa pakati pake kulowera ku Ntaja, n'kupitirira mpaka ku Chiponde m'malire a dziko lino ndi Mozambique. Njanji yochokera ku Nkaya m'boma la Balaka imaoloka Shire pa Liwonde n'kukatulukira ku Nayuchi. Chakum'mawa kuli madoko a nyanja za Chiuta ndi Chilwa, kumene anyamata a msinkhu wa Sitandade 7 amapita kukakoka makoka pa tchuthi, ena osabwererako. Palinso njira ya ku Joni, imene ndi midzi yochepa ya kuno imene sinaperekeko mwana. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 735,438 m'boma la Machinga ndi 438,379 m'boma la Balaka, ndipo m'dziko lonse theka la anthu linali la ana osakwana zaka 18. Kumene achinyamata achuluka chotero, njira zili zotseguka ndipo ntchito zikusowa, wogulitsa chamba sadikira kuitanidwa.

Tiyeni tione tsono zimene mphunzitsi akudziwa za chinthu chimene akulangira ana. M'chipinda chimodzi cha aphunzitsi mumapezeka zikhulupiriro ziwiri zotsutsana. Wina amanena, mwina moseka, kuti chamba chimatsegula mutu, ndipo amakumbukira mnzake wa ku koleji amene ankawerenga usiku wonse atasuta nakhoza bwino. Wina amaima pa asembule n'kulengeza kuti aliyense wokoka utsi kamodzi kokha adzavula zovala pamsika n'kukathera ku chipatala cha amisala ku Zomba. Woyambayo akupereka chilolezo osadziwa. Wachiwiriyo akudziyesa wolimbana ndi choipa, koma akuwononga zambiri, chifukwa mnyamata wa Fomu 2 amene akumumvetsera amadziwa mkulu wina wa kabaza amene amasuta tsiku lililonse ndipo sanavulepo. Mwana akagwira mphunzitsi bodza pa mfundo imodzi, amataya ndi zoona zomwe zimene mphunzitsiyo adzanene mawa.

Chikhalirecho choonadi chenichenicho n'chokwanira kuopsa munthu popanda kuchithira mchere. Mu chamba muli mankhwala otchedwa THC, amene amasokoneza mphamvu yosunga m'mutu zimene munthu wangomva kumene, ndi mphamvu yoika maganizo pa chinthu chimodzi. Zimenezi ndizo zida zenizeni za wophunzira. Wosuta amaona ngati akumvetsa mozama, koma m'mawa pa pepala la mayeso sipatuluka kanthu. Mbali ya kutsogolo ya ubongo, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kuyeza zotsatira za zochita zake, imapitiriza kukhwima mpaka zaka za m'ma 25. Ndiye amene akuuthira utsi ali ndi zaka 14 akusokoneza nyumba imene sinafoleredwe. Akatswiri amawerengera kuti pa anthu 11 alionse amene ayesa chamba, mmodzi amakodwa m'chibaba chake, koma pa oyamba ali achichepere chiwerengerocho chimafika mmodzi pa 6 alionse. Za misala nazo si nthano. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2019 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet Psychiatry, wochitikira m'madera a ku Europe ndi ku Brazil, anapeza kuti osuta tsiku ndi tsiku anali pa chiopsezo cha matenda osokonekera mutu chochuluka katatu poyerekeza ndi osasuta, ndipo osuta chamba champhamvu kwambiri tsiku ndi tsiku chiopsezo chawo chinafika pafupifupi kasanu. Si onse amene amapenga, koma palibe angadziwiretu kuti ndani mwa anyamata khumi ogawana ndudu imodzi kuseri kwa zimbudzi adzakhale wa tsoka. Mphunzitsi wolankhula chotero mwana angamukhulupirire, pakuti zikugwirizana ndi zimene mwanayo akuona ndi maso.

Palinso chisokonezo cha lamulo. Mu February 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, kwa okhawo amene apatsidwa chiphaso ndi bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Kusuta sikunaloledwe, ndipo kupezeka ndi chamba popanda chilolezo ukadali mlandu pansi pa lamulo la Dangerous Drugs Act. Koma m'mudzi nkhani inafika itadulidwa mchira: boma lavomereza chamba. Wophunzira wochenjera akaponya mawu amenewa m'kalasi, mphunzitsi amene sanawerengepo kusiyana kwake amangokalipa, ndipo kalasi yonse imaona kuti wagonja. N'chimodzimodzi kwa mwalimu wa pa madrasa akafunsidwa kuti dzina la chamba lili pati m'Qur'an. Funsoli si lachilendo. Ma ulama a ku Egypt ndi ku Syria analimbana nalo zaka 600 ndi kuposera zapitazo, ndipo al-Zarkashi, katswiri wa madhhab a Shafi'i amene anamwalira mu 1392, analemba kabuku kathunthu kosonyeza kuti hashishi ndi haramu chifukwa imaphimba nzeru monga khamr. Yankho lilipo, chosowa ndi woliphunzira kuti alifikitse kwa mwana mwaulemu.

Komanso diso la aphunzitsi ambiri linazolowera chamba chokha, ngati kuti china kulibe. Mowa wa m'masacheti unaletsedwa mu 2015, ndipo mu 2017 boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa, koma mowa waukali womwewo unangosamukira m'timabotolo ting'onoting'ono tolowa bwino m'chikwama cha mabuku, pa mtengo umene mwana woumba njerwa Loweruka angaukwanitse. Kachasu sanachoke m'midzi. Kuli fodya wovwira m'kamwa wa m'timapaketi, amene satulutsa utsi. Kuli mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, wa mtundu umodzi ndi morphine ndi heroin, amene achinyamata amasakaniza ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi n'kumamwa pamaso pa akulu popanda wowakayikira. Dziko la Nigeria linaletsa mankhwala oterewa mu 2018 wailesi ya BBC itaulula kukula kwa vutoli, ndipo ku Zimbabwe dzina la BronCleer limadziwika ndi kholo lililonse la m'tauni. Ku South Africa, kumene ana athu amakasaka ndalama, nyaope yamaliza achinyamata m'makomboni ambiri. Wobwera kuchokera ku Joni amabwera ndi njinga yamoto, foni ndi malata, ndipo ena amabweranso ndi chizolowezi. Kodi ndi aphunzitsi angati amene angasiyanitse mwana wamwa codeine ndi mwana wagona ndi njala?

Funso limeneli n'lolemera kuposa mmene likumvekera. Kuwodzera m'kalasi, maso ofiira, kuiwalaiwala, kujomba pambuyo pa nthawi yopuma, zonsezi zingakhale zizindikiro za mankhwala, koma m'dera lino zingakhalenso malungo, likodzo, kugona mochedwa pogulitsa malonda a makolo, kapena kungoti kunyumba sikunaphikidwe. Mphunzitsi wosaphunzitsidwa amalakwa mbali ziwiri. Amanamizira wosalakwa chifukwa cha tsitsi lake kapena nyimbo zimene amakonda, dzina lakuti wachamba n'kumumatirira mpaka mwanayo aganize kuti kuli bwino alikwaniritse. Ndipo amaphonya wosuta weniweni, makamaka akakhala wofatsa, wokhoza bwino, kapena mtsikana, pakuti m'maganizo a ambiri mtsikana wovala hijabu sangakhudze zoterezi. Chimene chimaulula si chizindikiro chimodzi koma kusintha: mwana amene anali pa nambala 5 watsikira pa 40 m'teremu ziwiri, wasintha anzake, wayamba kusowetsa ndalama kunyumba. Kuti munthu aone kusintha, ayenera kukhala kuti ankamudziwa mwanayo poyamba.

Tifike pa chilango, pamene pagona mkangano wathu waukulu. Mwana akagwidwa, njira ndi yodziwika: kumuchititsa manyazi pa asembule, chibalo chokumba dzenje kapena kuzula chitsa, mwina ndi mkwapulo ngakhale kuti Unduna wa Zamaphunziro unaletsa kumenya ana, kenako kumuimitsa kapena kumuchotseratu. Sukulu imapuma, komiti imati tachotsa nsomba yowola. Koma mwanayo sanapite kumwamba. Ali pa siteji ya minibasi, ali m'nyumba yoonetsera kanema, ali ku dooko. Maola asanu ndi limodzi amene ankakhala pamaso pa munthu wamkulu tsopano akuwakhala ndi amene anamugulitsa chambacho. Anzake a m'kalasi akuwadziwa onse ndi mayina, njira zawo akuzidziwa, ndalama akuzifuna, ndipo palibenso chimene angataye. Sukulu imene inachotsa wosuta mmodzi yadzipangira yokha wogulitsa woima kunja kwa mpanda.

Ena adzatiyankha kuti tikufuna kulekerera, ndi kuti ana ena mazana ayenera kutetezedwa. Nkhawa yawo ndi yoona ndipo sitikuipeputsa. Wophunzira wogulitsa chamba kwa anzake, kapena woopseza aphunzitsi ndi mpeni, nkhani yake ndi ina, ndipo apolisi ali ndi gawo lawo. Koma ngakhale lamulo la dziko silithamangira kutaya mwana. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limapereka njira yopatutsa mwana wolakwa pa milandu ing'onoing'ono kuti asalowe m'ndondomeko ya makhoti, athandizidwe ndi uphungu ndi kuyang'aniridwa, ndipo kuchokera mu 2017 malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Zingatheke bwanji kuti bwalo la milandu likhale ndi chifundo choposa cha sukulu? Dziko lino linaphunzirapo kale phunziro lofanana. Kale mtsikana akatenga pathupi sukulu yake inkathera pomwepo, ndipo ambiri ankati kumubweza n'kulimbikitsa chiwerewere. Mu 1993 boma linakhazikitsa ndondomeko yolola atsikana otere kubwerera akabereka, ndipo lero amayi a Mother Group amayenda khomo ndi khomo kukawatenga. Mnyamata wa chamba ayeneranso kukhala ndi khomo lobwererapo lolembedwa, ndi munthu womulondola.

Kwa ife Asilamu nkhaniyi siyenera kukhala yovuta kumvetsa. Kuletsedwa kwa khamr sikunatsike tsiku limodzi: kunadza pang'onopang'ono, kuyambira m'Surat al-Baqarah, kudzera m'Surat an-Nisa, kufikira chiletso chotheratu cha m'Surat al-Maidah, pamene mitima inali itakonzeka. Ndipo m'Sahih al-Bukhari muli nkhani ya munthu wina amene ankabweretsedwa kawirikawiri kwa Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) chifukwa cha kumwa. Tsiku lina mmodzi mwa anthu anamutemberera, koma Mtumiki anamuletsa, nachitira umboni kuti womwayo amakonda Allah ndi Mtumiki Wake. Chilango chinaperekedwa, uharamu sunachepetsedwe, koma munthuyo sanatayidwe kunja kwa gulu. Amene amati kuuma mtima ndiko kuopa Mulungu awerengenso nkhani imeneyi.

Sitikunena kuti aphunzitsi ndi anthu oipa mtima. Ambiri sanapatsidwe chida china koma chibalo. Pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, mu ulamuliro wa Bakili Muluzi, mwana wa boma lomwe lino la Machinga, chiwerengero cha ophunzira chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo boma linalemba mwachangu aphunzitsi zikwizikwi osadutsa ku koleji. Kuyambira pamenepo kalasi ya ana oposa 100 inasiya kudabwitsa munthu. Mphunzitsi wotere sangadziwe kusintha kwa mwana amene dzina lake lomwe salikumbukira. Phunziro la Life Skills lilipo, ndipo mutu wa mankhwala ozunguza bongo ulimo, koma nthawi zambiri umaphunzitsidwa monga mndandanda woloweza: tchulani zotsatira zisanu za kusuta chamba. Mwana amalemba zisanuzo, amakhoza, n'kukasuta madzulo. Kudziwa kuyankha funso la mayeso n'kosiyana ndi kudziwa chonena kwa mnzako amene wakupatsira ndudu pamaso pa gulu.

Koma kuchuluka kwa ntchito sikungakhale pobisalira mpaka kalekale. Boma lino lili ndi koleji yake ya aphunzitsi, Machinga TTC. Malawi Institute of Education, kumene amakonza silabasi, ili pa Domasi pomwepa. Zoni iliyonse ili ndi TDC kumene aphunzitsi amakumana ndi a PEA. Tsiku limodzi pa teremu, namwino wa matenda a m'maganizo wochokera ku chipatala cha boma cha Machinga pa Liwonde kapena cha Balaka atakhala pansi ndi aphunzitsi a zoni imodzi, kuwaonetsa timabotolo ndi timapaketi tenitenito, kuwafotokozera zizindikiro, kuwaphunzitsa kafunsidwe kosaopseza ndi kumene angatumize mwana wodwala, phindu lake lingapose zikwangwani zonse zimene zapachikidwa m'misewu. Aphunzitsi ambiri sadziwa n'komwe kuti chibaba chili ndi chithandizo, kuti ku Zomba Mental Hospital sikupita omangidwa zingwe okha, ndiponso kuti a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala.

Tichenjeze pano za njira ina imene sukulu zimaikonda chifukwa n'njosavuta: kuitana mlendo, kaya wapolisi kaya shehe, kudzaopseza ana ola limodzi, n'kuomba m'manja kuti ntchito yatheka. Dziko la America linayesa zimenezi ndi ndalama zambiri. Pulogalamu ya DARE inayamba mu 1983 ku Los Angeles, apolisi ovala yunifolomu ankalowa m'makalasi, ndipo inafalikira m'dziko lonselo. Koma kafukufuku wobwerezabwereza anapeza kuti ana amene anadutsamo sankasiyana kwenikweni ndi amene sanadutsemo. Dziko la Iceland linatenga njira ina. Linafunsa ana enieniwo mwachinsinsi za moyo wawo chaka ndi chaka, linalimbikitsa makolo kukhala ndi ana awo nthawi yochuluka ndi kudziwa kumene ali madzulo, ndipo linadzaza maola a pambuyo pa sukulu ndi masewera ndi zaluso. Mu 1998, ana 42 pa 100 alionse a zaka 15 ndi 16 anali ataledzerapo m'mwezi wapitawo. Pofika 2016 anatsala 5 pa 100. Osuta fodya tsiku ndi tsiku anatsika kuchoka pa 23 kufika pa 3.

Iceland ndi dziko lolemera, ndipo Nsanama alibe mabwalo a masewera ofolera. Koma chimene iwo anagula ndi ndalama, ife tili nacho kale: madrasa, amene amagwira mwana maola omwewo a masana amene ndi oopsa. Vuto lake n'lakuti anyamata ambiri amayamba kuzemba madrasa pa msinkhu wa zaka 13 kapena 14, ena akangotuluka ku jando n'kudziona akulu, ndipo imeneyo ndiyo nthawi imene ndudu yoyamba imafika. Vuto lina n'lakuti mphunzitsi wa m'mawa ndi mwalimu wa masana amaphunzitsa mwana mmodzi koma sakambirana. Wa ku sukulu akuona kuti mnyamata wayamba kujomba Lachinayi. Wa ku madrasa akuona kuti wasiya kubwera ku swala ya Asr. Mayi akuona kuti nandolo akuchepa m'thumba. Aliyense ali ndi chidutswa chake, ndipo zidutswazo zimakumana tsiku la mlandu basi. Mabungwe athu, MAM ndi Quadria Muslim Association, amene ali ndi aphunzitsi a madrasa m'midzi yambiri ya maboma awiriwa, angathe kuika nkhaniyi m'maphunziro a alimu awo popanda kudikira thandizo la kunja.

Pali chinthu chimodzi chimene sichifuna maphunziro kapena ndalama, ndipo tichinena mosapsatira. Mphunzitsi amene amatuma wophunzira kukamugulira fodya kapena kabotolo pa golosale, amene amalowa m'kalasi Lolemba akununkha za dzulo, kapena amene amakumana ndi ana a Fomu 4 pa malo omwera n'kugawana nawo tebulo, alibe chonena pa asembule. Lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18, ndiye womutumayo akumuphunzitsa njira ndi kuphwanya lamulo nthawi imodzi. Anzake a m'chipinda cha aphunzitsi amadziwa, ndipo amakhala chete chifukwa cha chinansi cha pa ntchito. Komiti imene imachotsa mwana wa zaka 15 n'kusiya mphunzitsi wotere, ana amaiona, ndipo amamvetsa bwino lomwe kuti mlandu si kusuta koma kukhala wamng'ono.

Makolo nawonso asaganize kuti nkhuyu zodya mwana wa mnzawo sizidzawapota. Wochotsedwa lero ndiye adzakwatire m'mudzi momwemo, ndiye adzanyamule ana awo pa njinga yamoto. Choncho pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi wa teremu ikubwerayi, nkhani ya thumba la chitukuko ndi njerwa za mpanda ikatha, wina aimirire afunse mphunzitsi wamkulu kuti chaka chathachi ndi ana angati anaimitsidwa kapena kuchotsedwa chifukwa cha chamba ndi mowa, ali kuti tsopano, ndipo ndani wa pa sukulupo anapita kukawaona. Afunsenso kuti ndi mphunzitsi uti amene mwana woopa angamuuze za chibaba chake popanda nkhaniyo kukafika pa asembule. Lachisanu lotsatira, Jumu'ah ikatha, mafunso omwewo afunsidwe kwa komiti ya mzikiti za anyamata amene mayina awo anasiya kuitanidwa m'kaundula wa madrasa.